Tisamangire mkango khola pa Dedza

Achibale athu amene ali ku Joni akapuma ntchito Lamlungu amapita ku zuu ya ku Johannesburg, malo osungirako nyama zakutchire m'makola kuti anthu aziziona, n'kutitumizira zithunzi pa WhatsApp: uyu waima pafupi ndi nyamalikiti, uyo akuloza mkango uli kuseri kwa mpanda. Zithunzizo zikangogwa pa gulu la kwathu, salephera kupezeka wolemba kuti, "Nanga ife tinalakwanji? Boma litimangire zuu pa Dedza pano, alendo aziima, osati kungogula mbatata n'kumapita." Ena amavomereza, ena amati malo alipo m'munsi mwa phiri, ena afika kale pokambirana ndalama yolowera pageti. Ine ndimakana. Khumbo loti ana athu aone nyama zakutchire ndi maso awo ndili nalo, mwinanso kuposa olembawo. Chimene ndikukana ndi khola.

Pa khumbolo tikugwirizana, ndipo chifukwa chake n'chachikulu. Mwana wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amakulira pakati pa nyama zimene sanazionepo. Pa chizindikiro cha boma chimene chili pa ofesi ya DC pali mkango mbali ina, kambuku mbali inayo, nkhwazi pamwamba. Ndalama yachitsulo ya K10 ija, imene lero ngakhale wogulitsa zitumbuwa amaikana, ili ndi njovu. M'mapanga a Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, makolo athu anajambula nyama ndi dothi loyera. Gule akatuluka timaona njovu, mkango ndi kasiyamaliro. Pa Nkolimbo ku Ntcheu, nthawi ya Umhlangano, mwambo wa Angoni, amuna amavina ingoma atavala zikopa ndi nthenga. Koma mufunseni mwana wa Sitandade 6 kuti mwini chikopa chimene avala agogo akecho amayenda bwanji, amalira bwanji, amagona pati, angokuyang'anani.

Nyama zimene mwanayo amakumana nazo n'zina. Mbewa zapanidwa pa kamtengo m'mbali mwa msewu wa M1. Pusi wamangidwa chingwe m'chiuno pakhomo pa munthu, ana akumutosa ndi bango kuti aonetse mano. Anyani amene amatumidwa kukawaingitsa m'munda chimanga chikayamba kukhwima. Fisi amene amangomumva usiku, m'mawa n'kupeza khola la mbuzi lathyoledwa. Kwa mwana wotere, chamoyo chakutchire n'chodya kapena chogenda, basi. Ndiye amene akufuna zuu akuona vuto lenileni. Mankhwala ake ndiwo aphonya.

Tiyeni tiwerengetse kaye za m'mimba, popeza ndi pamene zolinga zambiri zabwino zimafera kuno. Mkango umodzi wamkulu wosungidwa umadya nyama yokwana makilogalamu 5 mpaka 7 pa tsiku. Pa mbuzi zathu zakumudzi, ndiye kuti mbuzi imodzi masiku awiri kapena atatu alionse, zoposa 100 pa chaka, mkango umodzi. Njovu imatha kumaliza makilogalamu 150 a udzu, masamba ndi makungwa pa tsiku. Ngaka sidya china koma nyerere ndi chiswe, ndipo ngakhale akatswiri a kunja amavutika kuisunga yamoyo. Onjezani dokotala wa nyama zakutchire, mankhwala ogonetsa, mpanda wolimba, alonda ausiku. Ndalama zimenezi zimafunika tsiku ndi tsiku, mvula igwe isagwe, bajeti ichedwe isachedwe. Tonse tikudziwa zomangamanga zimene zinatsegulidwa ndi nthungululu kenaka n'kumera udzu. Msika ukasiyidwa, anthu amakagulitsira pansi pa mtengo. Nyama ya m'khola ikasiyidwa ilibe kothawira, imangoonda anthu akuionerera.

Ngakhale ndalama zitapezeka, funsani mwana wanu kuti waphunzira chiyani kwa mkango wa m'khola. Mkango umagona maola 16 mpaka 20 pa tsiku. Mukafika masana mupeza chimulu chaubweya chili chafufumimba pakona, ndipo anyamata athu, osafuna kuti ndalama yawo ipite pachabe, ayamba kuomba mluzu, kugwedeza waya, wina n'kutola kamwala. Kapena mupeza fisi kaya kambuku akuyenda kuchoka pakona iyi kufika pakona iyo, n'kubwerera, n'kubwerezanso, mpaka pansi pachita kanjira. Alendo amasangalala kuti chilombo chikuchita matama. Kumeneko ndi kudwala. Nyama imene kutchire imayenda makilomita ambiri usiku umodzi ikatsekeredwa malo ochepa mutu umasokonezeka, ndipo imabwereza chinthu chimodzimodzi tsiku lonse. Mwana akaona zimenezi amatola phunziro lomwe lija la pusi wa chingwe m'chiuno, kungoti tsopano walipira pageti.

Ku Lilongwe kuli umboni. Malo a Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, anasungapo mikango iwiri yochokera ku Ulaya. Waukazi, Bella, unachotsedwa mu zuu ina ya ku Romania uli ndi diso limodzi, n'kufika kuno mu 2009. Wamphongo, Simba, unakulira m'manja mwa ochita zisudzo za nyama ku France, n'kudzera ku Belgium, n'kufika mu 2014. Anthu anasonkha ndalama kuti mikango imeneyi ichoke m'makola a simenti idzaponde udzu wa ku Malawi. Ntchito yaikulu ya malowo ndi kulandira nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ozembetsa, apusi, anyani, agwape, ngaka, n'kuzichiza kuti zimene zingathe zibwerere kutchire. Ndiye ife tiyambe kumanga chimene anzathu akuthyola?

Ndikudziwa kuti pali mazuu akuluakulu amene amachita ntchito yabwino, kuswetsa mitundu imene yatsala pang'ono kutha ndi kuphunzitsa madokotala. Ya ku London inatsegulidwa mu 1828, ya ku Johannesburg mu 1904. Mwana wa ku London alibe njovu yakutchire pafupi, choncho khola ndiye mwayi wake. Ife sizili choncho. Kuchoka pa boma la Ntcheu kudzera pa Chingeni ndi Balaka, maola awiri sakwana musanafike pa geti la nkhalango ya Liwonde.

Ndipo Liwonde wa lero si uja wa zaka za m'mbuyo. Kuyambira mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyo mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, achotsamo misampha ya waya yoposa 40,000 ndipo azunguliza mpanda. Mu 2017 anabweretsa ma cheetah, zilombo zonga kambuku zothamanga kwambiri, amene anali atasowa m'dziko muno zaka pafupifupi 20. Mikango inabwera mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, mimbulu mu 2021. Njovu zinachuluka mpaka zina kusamutsidwa: pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndi zina 263 kupita ku Kasungu mu 2022. Mbalame zokha m'nkhalango imeneyi muli mitundu yoposa 400.

Manambala amenewa mwana saakumbukira. Chimene amakumbukira ndi njiri. Mukaima phee m'dambo la m'mbali mwa Shire, njiri imabwera n'kugwada ndi miyendo yakutsogolo, n'kumayenda chogwada ikufukula mizu ndi mphuno. Wina akangotsokomola imadzambatuka, mchira n'kuima njo, ana ake pambuyo pa mzere, timichira tawo tili chiriri. Galimoto yonse imafa ndi phwete. Pambuyo pake amafunsa okha chifukwa chake, ndipo woperekeza alendo amawauza kuti mu udzu wautali mwana amatsata nsonga ya mchira wa make. Chapatali njovu zimalowa mumtsinje, thupi lonse kumira, kungotsala chitamba pamwamba pa madzi chikupuma. Kamwana kamaikidwa pakati, akuluakulu uku ndi uku. Amene akutsogolera si chimphongo ayi, ndi mayi wamkulu wa banjalo, amene amadziwa pooloka ndi kumene kumakhala madzi chilimwe chikavuta. Nkhwazi ija ya pa chizindikiro cha boma ikamalira imaponya mutu kumbuyo mpaka kukhudza msana. Zonsezi khola silingakuonetseni, chifukwa m'khola mulibe mtsinje wooloka, mulibe mdani wothawa, mulibe banja.

Wina ati ndalama ya basi ichokera kuti. Funso labwino, koma tisanamizane: masukulu athu amapanga kale maulendo. Makolo amasonkha, ana amapita kunyanja, ku Nyumba ya Malamulo, ku bwalo la ndege. Kulowa m'nkhalango za boma Mmalawi amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja. A ku Dedza ali ndi Lilongwe pa makilomita pafupifupi 85, kapena atha kutsika Khwekhwerere mpaka Golomoti n'kulunjika ku Salima, kumene kumalo osungira nyama otchedwa Kuti kuli mbidzi ndi mphalapala ndipo anthu amayenda pansi chifukwa kulibe mikango. Ndalama yodyetsera mkango umodzi chaka chimodzi ingatumize masukulu angati ku Liwonde? Aliyense adziwerengere ndi mtengo wa mbuzi wa pa Lizulu.

Pamene ndimadandaula kwambiri ndi pa kayendetsedwe ka maulendowo. Basi imati inyamuka 5 koloko, n'kunyamuka 9 koloko chifukwa mpunga sunapse. Imafika dzuwa lili paliwombo, nthawi imene nyama iliyonse yanzeru ili mumthunzi. Sipika ikuphulika nyimbo kuyambira kusukulu mpaka pageti. Ana apanikizana, aphunzitsi atenga mipando ya kuzenera, foni m'manja. Aliyense akufunsa chinthu chimodzi: "Mkango uli kuti?" Nswala, ngoma, anyani, mbalame, zonse amangozidutsa ngati palibe kanthu. Mkango ukapanda kuoneka, amabwerera akudandaula kuti abedwa. Lolemba mukamufunsa mwana kuti anaonako chiyani, amakuuzani za fanta ndi za mnzake amene anasanza m'basi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wokaona nyama unyamuke tambala woyamba, chifukwa nyama zimayenda m'mamawa ndi madzulo. Ana akhale ochepa, ndi bwino kupita kawiri kusiyana ndi kudzaza sukulu yonse m'basi imodzi. Sabata imodzi ulendo usanachitike mphunzitsi agawire mwana aliyense nyama yake: iwe nyani, iwe mvuu, iwe kakowa. Akafika ayang'ane yakeyo, alembe chimene ikudya, amene ikuyenda naye, chimene yachita itamva galimoto. Mwana amene wapatsidwa nyani adzaona kuti kakhanda kamakangamira kumimba kwa make, kokulirapo kamakwera pamsana, ndipo kupendana nsabwe kuja kuli ndi dongosolo lake la ulemu. Mwana amene wangouzidwa kuti "tiyeni tikaone nyama" saona chilichonse.

Pali anthu ena amene ndikamalankhula zimenezi ndimasankha mawu. Ndi alimi a m'munsi mwa mapiri a Dedza-Salima, kumene njovu zilipo mpaka lero, m'nkhalango imene bungwe la Wildlife Action Group limathandiza kuteteza pamodzi ndi ya Thuma. Mayi wina wa kumeneko anandiyankha mosapsatira. "Achimwene," anatero, "inu njovu mumakaiona mutakhala m'galimoto. Ine ndimaiona m'munda mwanga usiku, chimanga cha chaka chonse chikutha ndikumva." Mawu amenewa ndilibe chowatsutsira. Anthu ozungulira Kasungu, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, nawo adandaula kwambiri chisamutsireni njovu mu 2022, za minda yoonongeka ndi za anthu amene anataya miyoyo. Aliyense wolankhula za kukongola kwa njovu osatchula mpanda, alonda ofika msanga ndi phindu lopita kumidzi yozungulira, akulankhula ali wokhuta. Ulendo wa sukulu subweza chimanga cha mayi uja.

Komabe mwana wa mayi yemweyo ndiye woyamba amene ndingamukweze basi. Iye ndi amene adzakumane ndi njovu panjira yopita kumadzi. Ayenera kudziwa kuti njovu siona patali koma imanunkhiza kwambiri, choncho mbali imene mphepo ikulowera ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Ayenera kudziwa kuti yaikazi imene ili ndi mwana ndiyo yoopsa, kuti njovu zimaopa njuchi ndipo zimadana ndi utsi wa tsabola, n'chifukwa chake m'madera ena alimi amapachika ming'oma m'malire a munda kapena kuotcha ndowe zosakaniza ndi tsabola. Ayeneranso kudziwa kuti kuyambira mu 2017 lamulo la nyama zakutchire linakhwima, ndipo wopezeka ndi mnyanga wa njovu kapena ngaka atha kukakhala kundende mpaka zaka 30. Amene amatuma anyamata akumudzi kuti akasake ngaka sawauza zimenezi. Sawauzanso kuti mamba a ngaka, amene akuti ndi mankhwala, ndi chinthu chimodzimodzi ndi zikhadabo za munthu.

Za fisi nazo, mantha athu ndi omveka, koma zambiri zimene timauza ana n'zolakwika. Timati ndi wamantha wongodya zotsala, pamene fisi wamawanga amasaka yekha chakudya chake chochuluka. Mtsogoleri wa gulu ndi wamkazi, ndipo ndi wamkulu thupi kuposa wamwamuna. Amaphwanya mafupa n'kuwagaya, n'chifukwa chake ndowe zake zikauma zimayera mbuu. Mbusa wa mbuzi amene amazindikira ndowe zimenezi panjira amadziwa kuti khola lake lifunika mitengo ina lero lomwe.

Tsono ngakhale sukulu imene singakwanitse basi ilibe chowiringula, chifukwa mbalame zili pabwalo pomwepo. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ambiri a ife timadziwa njiwa, khwangwala, pumbwa ndi mpheta, zina zonse ndi "kambalame". Pa Dedza pomwe pali akhwangwala a mitundu iwiri: wa chifuwa choyera amene amatola zinyenyeswa pamsika, ndi wina wamkulu wa mlomo wonenepa, woyera pankhongo pokha, amene amakonda matanthwe a kuphiri. Ndi angati anazindikira? Kabawi amene amatibera anapiye sakhala kuno chaka chonse, amafika cha mu Ogasiti. Ambiri mwa anamzeze amene amandandalika pa mawaya a magetsi m'dzinja achokera ku Ulaya, ndipo mvula ikamatha amabwerera komweko, kambalame kosadzaza chikhatho. Mpheta yaimuna ndiyo imaluka chisa, yaikazi imabwera kudzayendera, ikakana, mwamuna amayambiranso china.

Nantchengwa yekha ndi phunziro la teremu yonse. Kambalame kofiirira koyenda m'mbali mwa dambo kakusaka achule, koma chisa chake pamphanda ya mtengo chimatha kufika mita ndi theka, cha timitengo zikwizikwi, cholimba moti munthu atha kuimapo. Khomo lili chakumunsi, lomatidwa ndi matope. Mwamuna ndi mkazi amamanga limodzi kwa milungu ingapo, ndipo nthawi zina akangomaliza, kadzidzi amalanda. Bungwe loteteza nyama ndi chilengedwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM), limene linayamba mu 1947 ndipo limayang'anira makalabu a zachilengedwe m'masukulu, linatcha magazini yake ya ana dzina la mbalame imeneyi. Makalabuwo m'masukulu ambiri angotsala dzina pa khoma la ofesi ya ahedi, ndipo kuwadzutsa sikulira ndalama ya boma.

Kadzidzi ndiye ndimamumvera chisoni. Akalira padenga timati kukubwera maliro, ndipo mawa lake anyamata amakamusaka. Sindikufuna kulimbana ndi agogo a wina aliyense pa zimenezi, ndingopempha kuti musanamugende mukayang'ane pansi pa malo amene amagona. Mupeza timibulu totuwa timene amalavula. Mphunzitsi wa sayansi atole kamodzi, akanyowetse, akaphwanye ndi kamtengo ana akuona: muli ubweya, timafupa, ndi chigaza cha khoswe chathunthu ndi mano ake. Banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe ndi mbewa mazanamazana pa chaka, omwe aja amene amatiboolera matumba a chimanga ndi kudya mbatata m'munda. Mlimi amagula mankhwala a makoswe kusitolo atapha amene amamugwirira ntchitoyo ulere.

Zofunika pa phunziro lotere ndi kope, pensulo ndi mphunzitsi wololera kutuluka m'kalasi 6 koloko m'mawa. Mayina a mbalame asawafune m'mabuku a Chingerezi okha, aitane agogo a m'mudzimo, amene amasiyanitsa kulira kwa nkhwali ndi kwa nkhanga ali m'nyumba, ndipo amakumbukira nthawi imene nang'omba ankamveka m'mamawa mvula ikamayandikira. Ndipo mnyamata uja amene amabwera kusukulu ndi legeni m'thumba, aphunzitsi musathamangire kumukwapula. M'kalasi monse ndi iye yekha amene amadziwa kuti timba waikira pati, njiwa zimamwa nthawi yanji, ndi mtengo uti umene zinkhwe zimatera. Mupatseni kope, atsogolere anzake.